Kadzuwa wa Sekuru Dzikolatha

Loweruka lapitali tinamanga chiliza cha Sekuru Dzikolatha, ndipo kunena zoona sindinaonepo mwambo wa kumanda wochuluka kuseka ngati umenewo. Abusa anayesetsa kuti tionetse nkhope zachisoni, koma zinawakanika. Aliyense woimirira kuti anene mawu ankayamba bwinobwino, koma akangofika pa nkhani ya dziwe, khamu lonse linkafa nalo phwete. Che Sumani, Msilamu wa gulosale m'komboni mwathu, amene anakalamba akukangana ndi malemuwo, anaseka mpaka chifuwa chinawatsamwitsa, ndipo tinachita kuwamenya pamsana. Ine ndinabwerera kunyumba thupi lonse likunyerenyetsa. Ndinati ayi, madala amenewa ndiwalembe nkhani zawo zikadali zotentha.

Sekuru anali anzawo a bambo anga, ndiye ine ndinkawatchula amalume ngakhale panalibe magazi. Komboni yonse inkangoti Sekuru Dziko, poti sekuru ndiye agogo m'Chishona. Ntchito yawo pa pulazi lathu, munda waukulu wa mzungu kufupi ndi Arcturus, kunja kwa Harare, inali ya pampu: kuliza injini ku damu kuti madzi afike ku nazale za fodya. Anali munthu wamfupi, wa mawu oti akanong'ona ku damu, a ku mabani ochizira fodya amva. Buluku lawo sindikulikumbukira litauma. Linkakhala lonyowa mpaka m'mawondo kutchalitchi, kumaliro, ngakhale pa ukwati wa mwana wawo, moti aNangondo, akazi awo, anatopa n'kusiya kulisita. Dzina lachisoni lija silinkawayenera n'komwe, chifukwa munthu wokonda kuseka ngati iwo sindinamuone. Ankati mayi awo anawapatsa dzinalo ali pa ulendo, miyendo itatupa, ndiye munthu wotopa sitimuimba mlandu pa zimene wanena.

Koma injini sinali mtima wawo. Mtima wawo unali kumunsi kwa mabani, pa kadziwe ka kasupe, koti ukaponya mwala umakagwera tsidya. Ku damu lalikulu kunali akakombo abuluu aja amene aliyense amawadziwa. Wa m'kadziwemu anali wina. Masamba ake anali aang'ono ngati chikhatho, duwa lake lachikasu chowala, lotseguka dzuwa likakwera n'kutsekanso lisanapendeke. Mwezi wotentha ukafika, kadziwe konse kankachita chikasu, njuchi n'kumasokosa, Sekuru ataimirira m'madzi manja ali m'chiuno ngati adzala okha dziko lapansi. Duwalo ankalitcha kadzuwa. Ankanenetsa, ndipo apa sankaseka, kuti pansi pa thambo pano kadzuwa anatsala m'kadziwe kameneko basi, ndipo akadzatha mmenemo ndiye kuti watheratu.

Ukalakwitsa dzina lake, wadziputira sukulu. Anzathu Achishona akadutsa n'kuyamikira kuti mahapa a Sekuru akongola, iwo ankaomba m'manja mwaulemu, koma anthuwo akangopota ankati dzina limenelo ndi la mtundu wonse, silisiyana ndi kuitana munthu kuti iwe. A kutchalitchi akati kakombo, ankavomera kuti ndi dzina labwino, la m'Buku, koma ndi la zimene maso amaona pamwamba pa madzi. Chimene chili pansi m'matope, chobulungira, chakuda kunja, chimenecho ndi nyika, dzina la anthu a kumadambo a Shire amene anachidziwira m'mimba. Tsono kadzuwa ndi dzina limene mayi awo ankatchula: dzuwa laling'ono, chifukwa cha mtundu wake, komanso chifukwa kukachita mitambo salola kutseguka ngakhale umunyengerere bwanji. Ankati wopatsa chinthu dzina amaulula chimene anachifuna pa chinthucho, wina anafuna kukongola, wina anafuna kukhuta. ANangondo akamva zimenezi ankati nawonso ali nalo dzina la duwalo, ndilo mkazi mnzanga, ndipo tanthauzo lake safuna kufotokoza pagulu.

Mkangano wawo waukulu unali ndi che Sumani, ndipo unayambira pa mbuzi. Mbuzi za che Sumani zinkakonda masamba a m'mphepete mwa kadziwe. M'mawa uliwonse Sekuru ankazikusa mpaka pakhomo pa gulosale, akufuula kuti mwini wake amapemphera koma ziweto zake n'zachikunja. Che Sumani ankatuluka akukonza kofiya n'kuyankha kuti dziwe ndi la madzi, osati la zinyalala, ndipo munthu wamkulu woweta udzudzu ndi nkhono ayenera kupita naye kuchipatala. Akatha kutukwanizana ankakhala pabenchi n'kumwa tiyi kapu imodzi, wina kumwa, wina kudikira. Ndipo tisabise, ambiri tinkagwirizana ndi che Sumani. Tonse obadwira m'mapulazi tinakula tikudziwa kuti damu labwino ndi loyera. Chilimwe chilichonse kapitawo ankatitumiza ndi mafosholo kukachotsa matope ndi zomera m'madamu ndi m'ngalande, ndipo akakombo abuluu aja ankabwereranso okha mvula ikagwa. Kadziwe ka Sekuru kokha ndiko sikankakhudzidwa, chifukwa mzungu ankadziwa kuti akawaputa, injini idwala.

Nkhani ya kumene kadzuwa anachokera ankainena mosinthasintha, nthawi zina mikango imachuluka, koma thunthu lake silinkasintha. Mayi awo anachoka ku Shire wapansi, ali ndi pakati, kutsatira amuna awo amene anabwera kudzagwira ntchito kuno. Kamba wawo anali nyika zowiritsa za m'thamanda la kuseri kwa mudzi, ndi zina zaziwisi m'kamphika ka matope. Sekuru anabadwira m'njira. Atafika pa pulazi, zaziwisi zija mayiwo anazikwirira pa kasupe, ndipo zinagwira. Kumudziko Sekuru anapitako kamodzi kokha, imvi zitayamba kale. Anapeza thamanda lija litakwiriridwa ndi mchenga wa madzi osefukira, pamwamba pake anthu atalima mapira. Anayenda m'madambo akufunsa asodzi ndi amayi okumba nyika. Oyera ndi abuluu anali mbwee, koma wachikasu palibe, ndipo okalamba ankangoti ankamuona kale ali ana. Anabwerera kuno atawonda, n'kuzinga kadziwe konse ndi mpanda wa minga.

Ndiye chinafika chaka chija mapulazi atagawidwa. Mzungu anapita, injini inazima, ntchito inatha, mvula nayonso inakana. Ife a m'komboni tinalibe minda, tinalibenso mudzi wothawirako, poti kwathu kumene tinkakutchula ambiri sitinakuonepo. Amene anapatsidwa malowo anatilola kukhala, koma nawonso nkhokwe zawo zinali zopanda kanthu. Ana anasiya kusewera n'kuyamba kugona masana. Ndinachita mantha chaka chimenecho, mantha enieni.

Tsiku lina m'mawa tinamva chitsulo chikulira, chija ankamenya kapitawo poitanira anthu ku ntchito. Tinathamanga tonse, wina ndi mwana kumsana, wina nsapato kumanja, poganiza kuti ntchito yabwerera. Tinapeza kuti ndi Sekuru, buluku atalipinda, dengu lili kumutu. Anatiuza kuti tiwatsate kumunda. Titafunsa kuti munda uti, anati munda umene takhala tikuuchotsa ndi mafosholo zaka zonsezi. Anatitsogolera ku damu lalikulu, kumene madzi anali ataphwera mpaka m'chiuno, n'kulowamo osacheuka.

Abale inu, tsiku limenelo! Sekuru anatiphunzitsa kutsata phesi la tsamba ndi phazi mpaka pansi, kufufuza m'matope ndi zala za kumapazi, ukamva cholimba n'kumira ndi kuzula. Ife obadwira kuno sitinkadziwa kuti zinthu zimenezi zimadyedwa. Amayi a chigwirizano anamanga zitenje m'chiuno n'kumamira ngati abakha. Che Sumani analowa atakwinya mkanjo, kofiya inayandama n'kupita yokha, ndipo atavuuka ndi nyika yawo yoyamba anaiimika m'mwamba, matope ali m'ndevu, damu lonse likuimba nthungululu. Sekuru ankayendayenda pakati pathu akulamula ngati kapitawo woledzera. Lamulo lawo linali limodzi, lakuti yaikulu ipite m'dengu, yaing'ono uikankhirenso m'matope ndi chidendene. Pofika masana moto unali utayaka m'makomo monse. Anatiuza kuwiritsa, kutaya madzi oyamba owawa, kuwiritsanso, kenako kusenda. Kukoma sizinkakoma kwenikweni, zinkakhala ngati mbatata imene yakwiya, koma m'mimba munalowa chinthu. Mawa lake kunabwera Achishona a m'minda yatsopano, madengu ali m'manja, ndipo Sekuru anawalandira ndi sukulu ya mayina asanawalole kulowa m'madzi.

Damulo linatisunga kwa kanthawi, koma pakamwa panali pambiri, ndipo linatha mvula isanabwere. Anthu anayamba kudutsa kumunsi kwa mabani popanda chifukwa, kuyang'ana mpanda wa minga uja, n'kupitirira. Mdzukulu wa che Sumani anali atatupa mapazi, tsitsi litafiira. M'mawa wina che Sumani anapita ku kadziwe, n'kukhala pansi pafupi ndi mpanda. Sanapemphe kanthu, sananyoze udzudzu, anangokhala. Sekuru anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anagwira minga ndi manja awo n'kuyamba kukoka. Ife tinasonkhana kumbuyo kwawo.

"Lowani," anatero. "Zazikulu tengani zonse. Koma ngodya iyo ya kukasupe musapondeko, ana ake ali mmenemo."

ANangondo, omwe aja ankatcha duwalo mkazi mnzawo, ndi amene anawagwira mkono. "Bambo, mwaganiza bwino?"

"Mayi anga sananyamule duwa, aNangondo. Ananyamula kamba."

Tsono mverani. Nyika ya kadzuwa inali yachikasu m'kati, yafumbwe, yotsekemera, yosafuna kutaya madzi oyamba. Ana ankanyambita zala. Ndipo apo m'pamene tinadziwa kuti Sekuru, zaka zonsezo akulondera, sanalawepo ngakhale imodzi chimwalirire mayi awo. Anaisenda pang'onopang'ono, kuiluma, n'kutseka maso. Misozi inatsika, koma kunali kuseka, ndipo ankati akanadziwa kuti ikukomabe chonchi akanaba yekha kalekale. Kadzuwa anatifikitsa pa nthawi imene chimanga cha thandizo chinafika, ndipo mdzukulu wa che Sumani anadzuka. Atsikana obadwa nyengo imeneyo angapo anapatsidwa dzina la Kadzuwa, mmodzi mwa iwo wa banja la Chishona, ndipo Sekuru ankawaimitsa panjira kuwafunsa ngati akudziwa tanthauzo la dzina lawo.

Mvula itagwa, pangodya paja panatuluka timasamba. Pamenepo n'kuti maso a Sekuru atachita ng'ala, moti ankalowa m'madzi n'kumatipapasa ndi manja, akulankhula nato. Anati n'tanthete, chaka chino sitichita maluwa, koma mwezi wotentha ukubwerawo komboni idzaona. Mwana wawo wamkazi wa ku Chinhoyi anakonza zoti akawachotse ng'alazo kuchipatala, ndipo itafika nyengo yozizira ananyamuka ndi aNangondo. Ine ndinapita nawo kuti ndiziwagwira dzanja m'makombi, maminibasi a kuno, ndi kuwathandiza kumeneko. Tinakhalitsa, poti anachita diso limodzi kaye, lina pambuyo. Tsiku lomasula nsalu za m'maso, Sekuru anandiyang'ana n'kunena kuti mwanangu, wakalamba liti. Anawerenga mokweza zikwangwani za masitolo onse a mu Chinhoyi. Pobwerera, kuchokera ku Chinhoyi mpaka ku Harare, kuchokera ku Harare mpaka kwathu, kombi yonse inaphunzira za kadzuwa kaya ikufuna kaya sikufuna.

Zimene zinkachitika kumbuyo sitinkazidziwa. Nyumba ya Sekuru m'komboni inali itang'aluka khoma, denga likudontha. Che Sumani anasonkhanitsa anthu n'kuwafunsa kuti munthu amene anatidyetsa timuthokoza bwanji. Anagwirizana mphatso ziwiri pa ntchito imodzi. Kadziwe, kokwiririka ndi matope amene tinapondaponda pa njala paja, kanali kataphwa, timasamba tija titauma, pangodya pangotsala matope ong'ambika. Anati tikayeretse ndi kukakulitsa kuti kazisunga madzi chaka chonse, duwa libwerere bwino monga amabwererera a ku damu, ndipo dothi lake tiumbe zidina timumangire nyumba. Anagwira ntchitoyo Akhristu, Asilamu ndi Achishona omwe, akuimba, aliyense ndi fosholo yake.

Titatsika kombi tinamva nyimbo kuchokera kumsewu. Komboni yonse inatichingamira, amayi akuyala zitenje pansi. Anatitsogolera ku nyumba yatsopano, yofolera bwino ndi udzu, makoma osalala, khonde lozira. Sekuru anaiona ndi maso awo atsopano, anaponya chipewa m'mwamba, n'kuvina mpaka fumbi. ANangondo ankangosisita khoma akulira. Kenako che Sumani, chifuwa chili patsogolo, anati mphatso yachiwiri ili kumunsi, ndipo tonse tinatsetsereka tikuimba.

Kadziwe kanali koyera, kakuya, m'mphepete mowongoka ngati mwayezedwa ndi chingwe. Madzi a kasupe anali mbee, mwala wa pansi ukuoneka. Sekuru anaima. Ine ndinali pambali pawo.

"Che Sumani, matope aja mwataya kuti?"

"Sitinataye ngakhale pang'ono, achimwene. Ndi nyumba yanu ija."

"Ndi a pangodya paja?"

"Amenewo ndiye dongo lenileni. Tamangira chipinda chanu chogona."

Nyimbo inayamba kuzilala, chifukwa anthu anaona nkhope yawo. Mtima wanga unasweka pamenepo, ndipo ndinkayembekeza mawu aja omveka ku mabani. Koma Sekuru anatembenuka, kuyang'ana anthu onsewo, manja awo a matuza, n'kufunsa chinthu chimodzi chokha, ngati njerwazo anaziwotcha. Atamva kuti ayi, n'zidina chabe zouma ndi dzuwa, anapuma mpweya waukulu.

"Ndiye mwachita bwino," anatero. "Bwanji mwasiya kuimba?"

Anayambitsa okha nyimbo n'kuvinanso, ndipo tinabwerera kumtunda kukadya. Sanadzudzule munthu tsiku limenelo kapena lina lililonse. Mwezi wotentha unafika, mvula inagwa, m'kadziwe simunatuluke kanthu, ndipo apo aliyense anazindikira yekha chimene chinachitika. Che Sumani anasiya kutuluka kudzakhala pabenchi. Sekuru anapirira kwa kanthawi, kenako anapita ku gulosale, kumasula mbuzi zonse m'khola, n'kuzikusa kuzungulira nyumba akufuula kuti n'zachikunja, mpaka mwini wake anatuluka kudzayankha. Tiyi anabwerera tsiku lomwelo.

Ndipo musaganize kuti anagonja. Ankati mbewu ya m'matope imadziwa kugona, ndipo zidina zosawotcha ndi matope basi. Ndiye mvula yoyamba ikangogunda, Sekuru ankatenga chikwanje, kulowa kuchipinda, n'kugwetsa chidina m'khoma la nyumba yawo yomwe. Ankachiika m'bafa, kuthira madzi a kukasupe, kuliika padzuwa, n'kukhala pambali pake ngati mlonda. Kakangotuluka kobiriwira, chitsulo chija chinkalira, komboni yonse n'kuthamanga kudzaunjirira bafa. Nthawi zambiri unkakhala udzu. Chaka china chomera china anachilera mwezi wathunthu, akuthamangitsa nkhuku, mpaka chinadziulula kuti ndi phwetekere, ndipo iwo anaseka kuposa tonsefe n'kudya matimati akewo. Chaka chotsatira anagwetsanso chidina china, ali ndi chikhulupiriro chomwecho. ANangondo ankatseka mabowo ndi masaka akung'ung'udza kuti mkazi mnzawo walowa tsopano mpaka kuchipinda. Ana anawaletsa, abusa anawaletsa, koma Sekuru anapitiriza mpaka chaka chimene manja awo analephera kunyamula chikwanje, ndipo chidina chomaliza anachita kuwagwetsera che Sumani.

Dzulo ndinapitako kunyumba ija. ANangondo anatengedwa ndi mwana wawo ku Chinhoyi, ndiye nyumba ili yokha, chitseko chomangidwa ndi waya. Khoma la kuchipinda lili mabowo okhaokha, masaka anawola n'kugwa, ukaima kunja umaona mpaka pamene panali bedi. Kumunsi kadziwe kali phee, koyera monga anakasiyira, ng'ombe za eni minda zimamwa pamenepo, ndipo pamwamba pa madzi palibe tsamba ngakhale limodzi. Pakhonde pali bafa lija, m'kati muli matope a chidina chomaliza. Mvula sinayambe, koma matopewo ndinawapeza onyowa. Oyandikana nawo akuti che Sumani amabwera m'mawa uliwonse ndi ketulo ya madzi a kukasupe, kuthira, kuwerama nthawi yaitali akuyang'ana, n'kubwerera kukatsegula gulosale.